Ine Ndimangokweza Ana Pasikelo

Lolemba, 14 Julaye

Msonkhano wa m'mawa pachipatala chathu chaching'ono. Alipo: a Sisitala Banda, amene ndi akulu a pano, a Mbewe, dokotala watsopano wochokera ku Ntcheu amene ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, mlonda, ndi ine, wodzipereka wa pasikelo ya ana. Kukuzizira mpaka mano kuwawa.

A Sisitala akuti Lachisanu kukubwera akuluakulu a ku boma kudzaona mapepala a aliyense wogwira odwala. Atatero akutembenukira kwa ine.

"Adada, inu mapepala mulibe, ndipo zimenezo si mlandu, ntchito yanu ndi sikelo. Mlandu ndi wakuti dera lonse lino limati dokotala wa pano ndinu. A ku bomawo akangomva munthu mmodzi akukutchulani adokotala, ine ndilibe pokubisani. Mukakhala kunyumba."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Ntchito yanga ndi kukoleka mwana pasikelo, kuwerenga nambala, kuilemba m'kabuku ka mwanayo, ndi kupempha anthu kuti akhale pamzere. Malipiro palibe. Koma chisiyireni kulima fodya chifukwa cha msanawu, ndi malo okhawa amene ndikadzuka m'mawa ndimadziwa kuti akundidikira.

Sindinanenepo ndi kamodzi komwe kuti ndine dokotala. Olakwa ndi awa:
imvi zanga,
magalasi,
jasi loyera limene dokotala wakale anandisiyira posamuka kuti ndizitchinga nalo mphepo,
cholembera cha m'thumba la pachifuwa.

Ndondomeko yanga: pofika Lachisanu aliyense adziwe kuti ndine munthu wamba. Sizingavute. Ndi zoona zokhazokha.

Lachiwiri, 15 Julaye

Jasi loyera ndalisiya kunyumba. Ndavala jekete langa la kutchalitchi, poti lina ndilibe.

Kulakwa!

Pamzere akunong'onezana kuti andikweza. Akuti madokotala akuluakulu a ku Livingstonia savala zoyera, amavala majekete ngati limeneli. Mayi wina akundipatsa moni atagwada pasimenti yozizira. Ndikumuuza kuti adzuke, iye akuti, "Yewo chomene, adokotala," n'kugwadanso bwinobwino.

A Mbewe ali m'chipinda chawo ndi jasi lawo loyera, satifiketi yawo ili pakhoma m'galasi. Anthu akuti ndi mwana wasukulu amene ndikumuphunzitsa ntchito.

Chakumasana, asekuru Mhango, mkulu wodwala kuthamanga kwa magazi, akutuluka kwa a Mbewe ndi mapiritsi m'kapepala. M'malo molunjika kwawo akubwera kusikelo, akunditambasulira dzanja.

"Adokotala, kamwana kaja kandipatsa izi. Ndimwe?"

Ine mapiritsi onse oyera ndimaona ofanana. Ndikuti, "Asekuru, imwani momwe akuuzirani. Amene uja ndiye wodziwa, osati ine."

"Basi, mwalola inu, ndimwa."

A Sisitala aona zonse pawindo. Angotseka windolo pang'onopang'ono.

Lachitatu, 16 Julaye

Tsiku la sikelo. Khonde ladzaza, ena akhala pansi pa mtengo, ena achokera kuseri kwa Nchenachena wapansi ndi ana kumsana. Ndi mwayi wanga: onse ali pamodzi.

Tisanayambe nyimbo ya katemera ndikuimirira. Mawu anga ndi ochepa chibadwire, choncho ndikukwera pabenchi kuti amve. Ndikunena momveka, m'Chichewa kenako m'Chitumbuka, kuti pasakhale wonamizira:

Sindine dokotala. Sindinapite ku koleji. Ndinalekezera Sitandade 8. Jakisoni sindinabayepo munthu, ndipo ndikaona magazi ndimayang'ana kumbali. Dokotala wanu ndi a Mbewe.

Kuli zii. Mumtima ndikuti zatheka.

Kenako nthungululu!

"Kudzichepetsa kwakeko, amama!"
"Ophunzira zenizeni ndi otero, sadzitama."
"Sitandade 8 yakale ija? Imeneyo inkaposa digiri ya lero!"

Akuwomba m'manja. Gogo wina akupukuta misozi. Nyimbo ya katemera aiyamba okha, ndipo pamene timati "tamverani a chipatala" aikapo "tamverani adokotala," akuloza ine ndili pabenchi pomwepo, ndikusowa potsikira.

A Mbewe aima pakhomo. Poyamba akuseka. Kenako sakusekanso.

Kunyumba ndikuwafotokozera NyaGondwe, mkazi wanga, ndikuyembekeza kuti andimvere chisoni. Iwo akuti, "Ndiye mukasiya udokotalawo, ine kuchigayo ndizikakhala pamzere ngati aliyense?" Lero ndiye ndikudziwa kuti kuchigayo amawatchula amama adokotala, ndipo thumba lawo limadumpha matumba a anzawo. Ayamba liti? Akuti kalekale.

Lachinayi, 17 Julaye

Mawu alephera, ndiyesa zochita. Jombo za mphira, ndowa, mopu. Ndikuyambira kuchimbudzi, chitseko chili pululu kuti aliyense aone. Palibe dokotala padziko pano wotsuka chimbudzi.

Sindinafike n'komwe pakati. Amayi odikirira odwala akuthamanga kuchokera kukhitchini kwawo.

"Ife tikhale pansi adokotala akukolopa? Mukufuna kutiika tsoka?"

Mmodzi wagwira mopu kumutu, ine kumchira. Ndikuti, "Chonde amama, ndi ntchito yanga." Iye akuti, "Yayi!" Wina walanda ndowa, wina akumulanda iyeyo, ndowa yagubuduka, madzi onse ulendo pansi pa chitseko cha a Sisitala.

Pofika masana akolopa chipatala chonse, atsuka mawindo, asesa mpaka kumsewu. Chimangireni sichinawalepo chonchi. Akuti achita izi polemekeza ine.

Madzulo ake asekuru Mhango abweranso, mutu ukuwawa. Akukana kuti a Mbewe awamange lamba woyezera magazi pamkono pokhapokha ine ndiimepo. A Mbewe akunditumira mlonda. Ndikuima pakhomo, maso pansi, manja kumbuyo. Asekuru akupereka mkono mokondwa.

Atatuluka, a Mbewe akupinda lambayo osandiyang'ana.

"Adada, mayi anga anagulitsa dimba kuti ndimalize koleji. Lero kuti ndiyeze munthu ndiyambe ndapempha inu muime pakhomo."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Ndikuti pepani, ndipo ndikuona kuti mawuwo ndi aang'ono.

A Sisitala akuti mawa ndibwere, koma galimoto ya ku boma ikangomveka ndikalowe m'chipinda chosungira katundu mpaka itapita. Ndondomeko yanga yafika pamenepa: kubisala.

Lachisanu, 18 Julaye

Galimoto yachedwa, msewu wathu ndi womwewu. Ikumveka kutali ikulira pachitunda. Mlonda akunditsegulira chipinda cha katundu, akutseka kunja.

Muli mabedi othyoka, maneti a udzudzu, njinga ya odwala yopanda gudumu limodzi, ndi fumbi. Ndikukhala pabedi, ndikugwira mphuno kuti ndisayetsemule.

Kudzera m'khoma ndikumva zonse. Mapepala a a Sisitala ali bwino. Mapepala a a Mbewe ali bwino. Bwana wina akuyamikira ukhondo, akuti zipatala zina zibwere zidzaphunzire pano. Mtima wanga ukuyamba kutsika. Ndikumva nsapato zikulowera kugalimoto.

Kenako bwanayo akuima pakhonde, akufunsa odwala ngati ali ndi dandaulo lililonse.

Liwu la asekuru Mhango ndimalidziwa ngakhale kuseri kwa khoma.

"Lilipo, bwana! Dokotala wathu wamkulu amutsekera mosungira katundu. Ndaona ndi maso angawa. Nsanje basi! Asiya ana kuti azitigwira."

Nsapato zikubwerera. Zambiri. Ndodo ya asekuru patsogolo, go, go, go. Chitseko chikutseguka, ndipo ine ndili pabedi lothyoka, jekete la kutchalitchi, ndagwira mphuno, kangaude pamagalasi.

"Bambo, mapepala anu?"
"Ndilibe, bwana."
"Mumaona odwala?"
"Ayi, bwana. Ndimangokweza ana pasikelo."
"Mumapereka mankhwala?"
"Ayi, bwana."

Asekuru akuseka, akumugwira bwanayo paphewa ngati mnzawo. "Musamumvere, ndi wodzichepetsa chomene uyu. Mapiritsi amene ndikumwawa anavomereza ndi iyeyu, Lachiwiri. Popanda iyeyu sindikanamwa. Dzulo lomweli anaimirira pakhomo kuyang'anira kamwana kaja pondiyeza."

Anthu kumbuyo akuvomereza, "Enya, enya!"

A Mbewe akuyesa kufotokoza. A Sisitala akuyesa kufotokoza. Bwana akukweza dzanja. Akuti wamva zokwanira.

Ndiye ndayetsemula.

Loweruka, 19 Julaye

A Sisitala andiitanitsa m'mawa. Akuti iwo akudziwa kuti sindinalakwe, a Mbewe akudziwa, mwina ngakhale bwanayo akudziwa. Koma zanenedwa pagulu, ndipo lamulo labwera: ndikhale kunyumba, ndisaonekenso pachipatala, nkhaniyi ikaunikidwa ku boma. Liti? Sakudziwa. Nkhope yawo ikuonetsa kuti ndisamawerengere.

Ndikubweza kiyi wa kabati ya sikelo ndi timakabudula tokolekera ana, ndinatichapa Lachitatu, tauma bwino. Akuti Lachitatu likudzali mlonda ndiye akweza ana pasikelo.

Potuluka, a Mbewe akundiperekeza mpaka pageti. Akuti, "Adada, mukadwala mubwere, musaope." Ndikuti yewo. Pamsewu mayi wina wapanjinga akutsika kuti andipatse moni wa udokotala. Ndilibenso mphamvu zomutsutsa. Ndangoyankha.

Kunyumba sindikudziwa poika manja. Ndakonza khasu losathyoka.

Lamulungu, 20 Julaye

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo. Sizinathandize. Pa zolengeza, mkulu wa mpingo akuti adokotala athu apuma pantchito patatha zaka zambiri akutumikira, ndiimirire anthu andione. Ndaimirira. Akupempherera chipatala chimene chatsala chopanda dokotala. A Mbewe ali kumbali ya amayi, atseka maso ngati aliyense. Sindikudziwa chimene akupempha.

Pofika kunyumba ndapeza anthu pakhonde langa, akhala pamzere wowongoka bwino, timabuku ta kuchipatala m'manja. Amva kuti ndatsegula chipatala changachanga.

Ndikuwauza mmodzimmodzi kuti ndilibe mankhwala, ndilibe nzeru zake, apite mawa kwa a Mbewe. Akugwedeza mitu. Akuti amva, adokotala awatumiza kwa wothandizira wawo, apita. Mwina ndi ntchito yokhayo imene yanditsalira, ndipo ndi yomwe yandichotsetsa.

Pochoka asiya mphatso za kupuma pantchito: nkhuku zitatu, mkoko wa nthochi, nyemba m'kathumba. Si zanga, ndi za dokotala amene kulibe. Mawa ndilibe kopita, ndiye ndiyenda khomo ndi khomo kubweza. Nthochi kwa a Harawa. Nyemba kwa NyaChirambo. Nkhuku ziwiri kwa eni ake, ndazimanga miyendo zili pakhonde.

Yachitatu, ya NyaMsiska, NyaGondwe aipha ndili mkati motsanzikana ndi anthu. Akuti amaona ngati nkhani yatha.

Yotsala kubweza kwa NyaMsiska: nkhuku imodzi, yaikazi, yoikira.