Tsiku Limene Ndinakhazika Mzuzu Pansi

Sekani, a Gondwe, mano ndi anu. Ndaona mwayamba kupukusa mutu ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ngati munthu wokana ndiwo mbale isanavundukulidwe. Koma amene akuti ndikunama aime apa anene kumene anali tsiku limenelo, chifukwa ine ndikudziwa kumene anali: anali pansi, matako m'matope, pamodzi ndi tauni yonse ya Mzuzu, ndipo amene anawakhazika ndine, wokonza maambulera pa khonde lino, wa Sitandade Sikisi, popanda mfuti, popanda wenzulo, popanda ngakhale kukweza mawu. Nadi. Ambulera yanuyi idikire, nthiti zake sizithawa.

Muyambe mwandimasulira ichi. Mkango uthamangitsa mbuzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, suigwira, kenako onse awiri akwera lole imodzi. N'chiyani? Mwalephera, ndibaireni ng'ombe. Ndi chizungulire, chija chinabwera holide ina ya Khirisimasi, mwana wanga Tiwonge ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mkulu wina anafika ndi malole awiri, n'kutchinga bwalo la ku Katoto ndi mphasa, n'kulemba pa chipata kuti Mudzi wa Nyama. M'katimo munali njovu ya malata imene ana amakwerera kumchira n'kutsetsereka pa chitamba, munali ng'ona ya migolo yolumikiza imene umalowera kukamwa n'kukatulukira kumene sindinganene amayi akudutsa, munali katungwe womangirira pa khosi la nyamalikiti, ndipo pakati penipeni ndiye chizungulirecho: thabwa lalikulu lobulungira ngati lichero, pamwamba pake nyama zosema, iliyonse kampando pamsana, injini ya chigayo ikukoka lamba, zonsezo n'kumazungulira. Ukangolowa pa chipata, kukwera kunali kwa amene wapeza malo.

Ife tinapita tsiku lomaliza, poti m'mawa mwake malole amanyamuka ulendo wa ku Karonga. Ine thalauza loyera la ku tchalitchi, khadi la chipani m'thumba chifukwa pa chipata anyamata a malaya ofiira amayamba aona limenelo iwe usanaone njovu, akazi anga a Nyachirwa chitenje chatsopano, mnyamata wathu Yotamu akuthamanga patsogolo, Tiwonge pambuyo atabereka kamng'ono kake.

Mwana ameneyu mumumvetse. Ndi woyamba kubadwa. Madzi ndi iye, nkhuni ndi iye, khanda kumsana ndi iye, ndipo chibadwire anali asanandipemphepo kanthu, ukamufunsa akufuna chiyani amangoti chilichonse. Koma tsiku limenelo anaima pa chingwe chotchingira chizungulire, anayang'ana, anayang'ana, kenako anandikoka mkono wa malaya n'kunena chapansipansi:

"Adada, mbidzi ija."

Basi, sanawonjezere. Ndinawauza a Nyachirwa amulande khandalo, ndipo mumtima ndinalumbira kuti malole aja sanyamuka mwana wanga asanazungulire pa mbidzi.

Yotamu analibe vuto. Pamene ine ndimamaliza kulumbira, iye anali atamezedwa kale ndi ng'ona kasanu, atatsetsereka pa njovu mpaka kabudula anatsala pa msomali. Tiwonge nayenso chizungulire chitangoima anathamanga, anafika pa mbidzi woyamba, anakhala chammbali monga amakhalira atsikana pa kaliyala ya njinga, anakokera diresi pa mawondo. Woyendetsa injini akupukusa handulo. Ndiye pa thabwa pomwepo panakwera mayi wina, basiketi m'manja, n'kuima pafupi kuti agwirizize kamwana kake pa mbuzi. Tiwonge anawayang'ana mayiwo, anayang'ana kampando kake, anatsetsereka n'kugwada, amvekere khalani amama. Mayiwo anati yewo chomene, mwana wa ulemu, n'kukhala. Chinthu chinanyamuka. Mwana wanga anabwerera pa chingwe.

Ulendo wotsatira kunabwera bambo wina wa ku Nkhata Bay, suti, tayi, nyuzi kukhwapa, amene sanabwerere kudzakwera n'komwe, amangofuna kumufunsa woyendetsa injini m'Chingerezi kuti injiniyo inapangidwa kuti. Anangoponda pa thabwa, Tiwonge watsika kale. Bamboyo anati fenkiyu, anakhala pa mbidzi, anapingasa miyendo, anatambasula nyuzi, n'kuzungulira akuwerenga ngati ali m'basi ya ku Rumphi. Enawo sindinawawerenge. Wina anangowerama pafupi kuti amange chingwe cha nsapato, nayenso anapatsidwa mbidzi.

Ndinamutengera Tiwonge pambali. Ndinamuuza kuti lero ulemu uli pa holide, kuti mbidzi si mpando, kuti akakhala akhale ngakhale abusa ataima pamutu pake. Anati enya adada, anapita, anakachitanso zomwezo. Ndinayamba kukalipa. Apo a Nyachirwa, osandiyang'ana n'komwe, akukonza khanda kumsana, anangofunsa kuti kodi ndikumukalipira chiyani, anamuphunzitsa ndani.

Mukumva? Kukalipa kwanga kunathera pomwepo. Chifukwa ndinakumbuka. Ali ndi zaka zisanu, kunyumba kwathu ku Chibavi kunabwera mkulu wa mpingo, tinali ndi mpando umodzi, ndipo Tiwonge anali pa mpandopo akugwedeza timiyendo, sanadziwe kanthu. Ndinamunyamula ndi khutu mlendo akuona, n'kumuuza kuti mwana wokhala pa mpando wamkulu ataimirira si wanga. Ine ndinaiwala sabata yomweyo. Iye ayi. Pa ntchito yangayi ndimadziwa, nthiti ya ambulera ukaipinda mopitiriza siibwerera chifukwa choti waipepesa. Ndinkafuna mwana wa ulemu ndipo ndinamupeza, koma ndinamupeza wochuluka kuposa amene ndinaitanitsa.

Dzuwa linapendeka. Mwini Mudzi wa Nyama anamenya chitsulo n'kulengeza kuti uwu ndi ulendo womaliza, anyamata ake atayamba kale kumasula makutu a njovu. Tiwonge anakakhalanso pa mbidzi. Koma maso ake amangoyenda, chifukwa kuzungulira chingwe chonse kunali akuluakulu okhaokha ataimirira, azibambo, azimayi, agogo a ndodo, ndipo ndinaona kaphazi kake kakutsika pang'onopang'ono, kakufunafuna thabwa.

Ndinaganiza msanga. Kuthamangitsa anthu onsewa sindingathe. Kuwongola mwana pa mphindi imodzi sindingathe. Chatsala n'chimodzi: ngati mwana sangakhale akulu ataima, ndiye akuluwo akhale.

Ndinayamba ndine. Thalauza loyera lija, matope ofiira a mvula ya dzulo lake, phwatha. Kenako ndinatambasula dzanja kwa bambo amene anaima pafupi nane, ndikuti monire adada. Inu mukudziwa mmene tilili kuno, munthu wokhala pansi akakupatsa moni sungamuyankhe utamuimirira pamutu ngati mtengo wa bulugamu, ndiye bamboyo ananyonyomala, ine n'kuyamba kumufunsa bwinobwino, kunyumba ali uli, ana ali uli, amama ali uli, chimanga chamera uli, azakhali aja mwendo unapola, mpaka mawondo anamuwawa n'kukhala pansi, akazi ake poona amuna awo ali pansi anagwada, mnzawo wa ku umanyano, gulu la amayi la ku tchalitchi, poona iwo agwada anakhala, apongozi a mnzawoyo sakanaima mpongozi ali pansi, ndipo chinthucho chinayenda ngati moto wa mu Okutobala pa udzu, mzere ndi mzere, zipewa zikutsika, ndodo zikugona, mpaka anyamata a malaya ofiira aja poona khamu lonse likukhala anaganiza kuti kwabwera lamulo lochokera kumwamba limene iwo sanalimve, anakhala msanga kuposa aliyense n'kuyamba kuunguzaunguza kuti aone amene watsala chiimire. Mukumva, a Gondwe?

Sizinathere m'mphasamo ayi. Ogulitsa nthochi panja pa chipata anakhala, amene amagula anakhala, ku msika anakhala, ku depoti kondakitala amene anali pa denga la basi anakhala pa mtolo wa nkhuku za eni, wapolisi wolondolera magalimoto anakhala pakati pa msewu n'kumalondolera ali chikhalire, munthu wina amene amagwa pa makwerero anafika pakati n'kukhala m'malere momwemo kudikira kuti aone zitha bwanji, amayi a ku Chibavi anakhala pa mpope zidebe zili pamutu osataya ngakhale dontho, ndege imene imatera cha ku Chibanja inasuzumira pansi, inaona anthu onse akhala, inachita manyazi, inangopinda mapiko n'kukhala pa udzu osathamanga n'komwe, mitengo ya paini ya ku Chikangawa inapinda mawondo mpaka ife tili ku Katoto tinaona anthu aku Mzimba akutiyang'ana modabwa, ndipo mvula imene inali itayamba kale kutsika inaima panjira n'kukhala pa madenga, phee, ngati nkhunda. Ndikulumbira pa singano yangayi. Kulemera kwa matako onsewo nthawi imodzi kunabonyola nthaka, n'chifukwa chake mpaka lero kumunsi kwa Chibavi madzi sachoka, pitani mukaone ngati ndikunama.

Anatsala awiri. Woyendetsa injini, amene anati sangapukuse handulo atakhala, ndinamuyang'ana kamodzi, anapukusa atagwada. Ndi nyamalikiti wa katungwe uja, wamatabwa, misomali m'mapazi. Ndinamupatsa moni nayenso. Anachedwa pang'ono, poti ndi wamtali, moni amatenga nthawi kuti akwere, koma anapinda miyendo inayi yonse n'kukhala.

Tiwonge anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kaphazi kaja kanaima, kanabwerera m'mwamba. Anagwira makutu a mbidzi ndi manja awiri, injini inatsokomola, lamba anagwira.

Kuzungulira koyamba nkhope inali gwa, ngati munthu wodikira jekeseni. Kachiwiri anamasula phewa. Kachitatu ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo m'nyumba mwanga, mwana wanga akuseka ndi kukamwa konse, osatseka ndi dzanja, osayang'ana kaye ngati alipo amene akufuna madzi. Kuseka kwake n'kwa mayi ake ndendende, ndipo ine bambo wake ndinadziwira pa bwalo la eni, ndili m'matope. Mbidzi nayo, itatha tsiku lonse ikunyamula masuti ndi mabasiketi, itamva kupepuka pamsana inatambasula miyendo, inapitirira mbuzi, inapitirira nyalugwe, inapitirira mkango umene inakhomedwa nawo pa thabwa limodzi, mwini wake mpaka anavula chipewa n'kunena kuti zaka zonse wayenda ndi nyama zimenezi sanaonepo zotere.

Ndakhala ndikuganiza za tsiku limenelo nthawi zambiri pa khonde pano, makamaka mvula ikakana kugwa, ntchito kulibe. Ulemu ndi wabwino, sindikuutaya. Ana a masiku ano ena amakuona ndi imvi zako m'basi n'kuyang'ana pa windo. Koma tikamaphunzitsa mwana kuimirira, palibe amene amakumbuka kumuuza tsiku lokhala. Timaganiza adzadziwa yekha. Ena amadziwa. Ena amafika pa ukwati, pa uchembere, mpaka pa ukalamba adakali chiimire, akudikira kuti wina awauze, ndipo amene akanawauza anamwalira kale akuwayamikira kuti anali mwana wabwino.

Mwati bwanji, a Gondwe? Munali ku Katoto tsiku limenelo, munaima cha ku ng'ona, ndipo simunakhale? Mukanayamba mwanena, ndikanachepetsako ndege.

Chabwino. Poti mwabwera ndi maso anu, tiyeni tiwerengenso. Amene tinakhala pansi tinali atatu. Ine, a Nyachirwa amene anakhala pambali panga chifukwa cha manyazi kuti anditchinge ndi chitenje, ndi mkulu wina wa kachasu amene anali pansi kale kuyambira masana. Bambo ndinamupatsa moni uja anangosuntha n'kukaima patali. Ena anaseka, ena anati wa maambulera uja zamuzungulira asanakwere n'komwe, ndipo thalauzalo silinayerenso, linathera pa kupukutira mafuta pompano. Chimene ndinachita ine ndi chimodzi chokha. Ndili m'matopemo ndinamuitana Tiwonge, ndikuti mama, usayang'ane kwina, uyang'ane ine. Anandiyang'ana. Chizungulire chikamutengera kuseri amapotoza khosi mpaka kunditaya, akatulukira mbali inayo maso ali kale pamene ndili, ndipo sanatsike mpaka injini inazima, lamba anagwa, anyamata anabwera ndi masipanala kudzamasula mbidziyo.

Pano ali ku sekondale, akaweruka amadutsa pa khonde lomwe lino cha m'ma folo koloko. Dikirani, mumufunse nokha kuti pa ulendo womaliza uja anaona anthu angati ataimirira. Akuuzani kuti sanaone ngakhale mmodzi. Ndipo ameneyo sanatengere ine, a Gondwe, ameneyo sanama.