Khonde lomera mpunga

Kunyumba kwanga ku Chama kuli khonde limene ndinalimanga kawiri. Za ulendo woyamba sindikonda kufunsidwa.

Mkazi wanga anafuna khonde la konkire atate ake asanabwere kudzatiyendera kuchokera ku Kambombo. Ndinalonjeza, ndipo mmisiri ndinamukana. Pankafunika matumba asanu a simenti. Ine ndinali ndi atatu.

Mnzanga wina wophunzitsa sayansi anandiuza kuti mankhusu a mpunga, aja amatayidwa kuchigayo, akapsa bwino mpaka kusanduka phulusa loyera, amalowa m'malo mwa simenti pang'ono. "Pang'ono chabe," anatero. Ndinavomera (mumtima ndinali nditafika kale kuchigayo ndi wilibala).

Ndinatuta mawilibala anayi n'kuyatsa. Mvula inagwa, mulu unapsa pamwamba pokha. M'kati munatsala mankhusu aawisi, misere, ndi njere zimene zinapulumuka chigayo. Ndinaganiza kuti phulusa ndi mankhusu ndi pachibale. Ndinathira zonse mumchenga ndi simenti ija.

"Atate a Tiwonge, manje iyi ndi konkire kapena chakudya cha nkhuku?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndi sayansi," ndinayankha.

Ine ndine munthu wosamala. Konkire imafuna madzi, choncho ndinaiphimba ndi masaka n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu, osaphonya. (Munda wanga weniweni sunaonepo chisamaliro chotere.) Nditavundukula, m'ming'alu monse munali timasamba tobiriwira. Ndinayamba kuzula. Nkhuku zitaona zinabwera kudzathandiza, ndipo zinapitirira mpaka kukumba maenje.

Mawa lake apongozi anafika pa njinga. Ndinawaikira mpando pamalo amene ndinaona ngati olimba. Atakhala, mwendo umodzi wa mpando unalowa pansi. Sanadandaule. Anangopendekeka, n'kuzula kambande kamodzi, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mkamwini, mbewu iyi ndi yabwino," anatero. "Koma mwafesa mothinana. Mukawokere kudambo isanakule."

Mkazi wanga anathawira kukhitchini. Kuseka kwake kunkamveka mpaka kumsewu.

Khonde lachiwiri anamanga ndi mmisiri, ine ndikutunga madzi. Mnzanga uja akuti nzeru yake inalibe vuto, vuto linali wosakaniza. Sinditsutsa.

Mbande zija ndinakawokeradi, ndipo zinabereka ndowa imodzi. Mpunga tinadya. Mankhusu ake ndasunga m'thumba kuseri kwa nyumba, poti masitepe akadali a dothi. Mkazi wanga sanalione thumbalo.