Ulusi wa Bulangeti la Mwana wa Esinati

Lolemba

Mwana wanga Esinati waimba kuchokera ku Lilongwe. Akuti abwera Lamulungu ndi khanda kudzatenga bulangeti la zigamba lomwe ndinalonjeza. Mdzukuluyo ndimangomuonera pa foni, kankhope ngati mbatata yowiritsa. Lamulungu ndimunyamula ndi manja angawa!

Zigamba ndalumikiza kale: zitenje zanga zakale, malaya a malemu bambo ake a Esinati, pakati kabulangeti kakale. Chatsala n'kuyendetsa mizere pamwamba kuti zonse zigwirane. Makina osokera a malemu ndathira mafuta, akulira bwino. Ulusi ndasankha wofiira. Nkhani yatha.

Lachiwiri

Sinathe. A Nabanda a nyumba yoyandikana abwera kudzapempha mchere, koma maso ali pa makina. "Wofiira? Mukufuna anthu adziwe chipani cha mwana asanamere mano? Nanga mkamwini wanu si uja amadana ndi timu yovala zofiira?"

Ndamasula zonse ndinasoka m'mawa. Mchere ndawapatsa wa pansonga pa supuni. Komabe akhala pakhonde mpaka masana, ndipo sindinawathamangitse. Chiyambire kukolola mpunga ku Lifuwu palibe anakhalapo pa mpando wa pakhondepo.

Lachitatu

Ulendo wa ku boma kukasaka ulusi. Kabaza, kenako minibasi, msana wanga! M'sitolo mitundu ili mbwee, koma uliwonse uli ndi mwini wake:

wabuluu, chipani komanso mpira
wachikasu, chipani china
wobiriwira, chinanso
woyera, a Nabanda adzati nsanda
wakuda, maliro
wa pinki, a m'tauni amati ngwa atsikana, pomwe khanda lathu ndi lalimuna

Kodi andalewa sakanatisiyirako mtundu umodzi ife osoka? Kamtsikana kogulitsa kakuti, "Agogo sankhani, anthu akudikira." Ndacheuka. Ntchentche zokhazokha. Ndabwerera ndi tomato.

Malemu ankasoka ndi ulusi uliwonse womwe aupeza pa bobini, ndipo palibe anafa nazo. Akanakhalapo bwenzi atandiseka, ine n'kuwakalipira, tsiku n'kutha bwino.

Lachinayi

Ndatumiza uthenga kwa Esinati kuti asankhe yekha. Yankho: "Uliwonse amayi."

Uliwonse! Munthu ndinamubereka pamsana mpaka ku Chinguluwe wapansi, lero akundipimira mawu ngati shuga wa alendo. Ndaimba, sakuyankha. Ndaimbanso, akundiyankha ndi mayi wina wa Chingerezi wa m'foni. Ameneyo ndamufotokozera nkhani yonse. Sanatsutse.

Lachisanu

Che Bwanali, msodzi wa kuseri kuno, akusoka ukonde pansi pa mango. Ndawadandaulira. Apita m'nyumba n'kutulutsa nayiloni wa mbedza, wopyapyala, woonekera ngati madzi. "Uyu alibe chipani, mama. Ngakhale chambo sichimuona. Inshallah agwira."

Nzeru zili kwa asodzi! Mzere woyamba, mwaa! Osaoneka n'komwe. Ndaimba nyimbo ya kwaya, phazi likupalasa.

Wachiwiri, khotyo! Singano yathyoka. Ndaika ina, nayonso khotyo. Pansi pa makina nayiloni wapiringizana ngati chisa cha mpheta. Bulangeti lakwinyika kuposa nkhope yanga, ndipo likununkha usipa. Mphaka wa a Nabanda wabwera kudzacheza. Alendo akuchuluka sabata ino.

Loweruka

M'mawa wonse ndikudula nayiloni ndi lezala. Dzanja laterereka, ndang'amba thumba la malaya a malemu, momwe ankaika choko chawo chojambulira nsalu. Misozi yatuluka pang'ono. Ndi utsi wa kwa a Nabanda, nkhuni zawo n'zaziwisi nthawi zonse.

Singano za makina zatha. Ndayamba kusoka pamanja, uku ulusi woyera, uku wakuda, apa wofiira wotsala uja. Wolankhula alankhule, pakamwa ndi pake. Bulangeti lafika theka.

Zina zakonzeka: pabwalo ndasesa, mphasa yatsopano ndayala, mpunga ndapeta, tambala ndamumanga mwendo. Akundiyang'ana ngati akudziwa.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, kuopa angapeze chitseko chotseka. Njinga yamoto iliyonse ikadutsa ndikuimirira. Mawondo ayamba kunditukwana.

Dzuwa litapendeka, uthenga: "Amayi pepani, galimoto yavuta, sitibwera. Bulangeti likatha mungopatsira kondakitala wa minibasi, tikalandirira ku depoti."

Kondakitala! Iyeyo akaone mdzukulu wanga ine ndisanamuone?

Tambala ndamumasula, wathawa osathokoza. Mpunga ndaphika wa munthu mmodzi. Bulangeti ndalipinda, singano ili chobaya pomwe ndinalekezera.

Esinati ndamuyankha kuti silinathe, ulusi ukuvuta. Ndipo uvutabe ndithu, mpaka mwini bulangeti adzabwere kudzaloza yekha ndi kachala kake.