Tsiku Limene Wailesi Yanga Inamangidwa

Mukamva anthu a ku Kaseye akusimba za mphunzitsi amene anaimbitsa mbuzi nyimbo ya fuko, musavutike n'kufunsa. Ndine ndemwe.

Ndinali nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndili ndi wailesi ya kaseti yogula kumalire a Tanzania, komanso matama oposa wailesiyo. Kutabwera msonkhano wa chipani pasukulu pathu, ndinadzipereka kuyendetsa zokuzira mawu (palibe anandipempha). Ampulifaya tinakabwereka kwa bambo mfumu, ndipo popereka anandilozera mabowo awiri kumbuyo kwake.

"Ili ndi la maikolofoni, limamva ngakhale kunong'ona. Wailesi yanu ili ndi mphamvu kale, muilowetse m'bowo lachiwirili."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati bowo lomva kwambirilo ndiye labwino, mawu akamveke mpaka ku Misuku. Ndinalowetsa waya wa wailesi m'bowo la maikolofoni, voliyumu n'kupotokola mpaka kumapeto. Kuyeserera? Ayi, ndinkasunga batire.

Atcheyamani a chipani, a Simkonda, anakweza dzanja. "Tose tiyimilire, nyimbo ya fuko!"

Ndinadina batani kuti kaseti ya nyimboyo iyambe, n'kuthamangira pamzere wa aphunzitsi, manja m'mbali.

Abale inu, chimene chinatuluka m'chimkuzamawu chomwe tinamangirira mumtengo wa mango sichinali nyimbo. Chinali kulira kwa mbuzi yokodwa m'chingwe. Agalu a m'mudzi anayamba kuyankha. Tsonotu masiku amenewo nyimbo ya fuko ikayamba, ngakhale ntchentche ikutere pamphuno sunkagwedezeka, poti anyamata a chipani a malaya ofiira ankakhala akuponyaponya maso. Batani lozimitsira linali poteropo, koma kusuntha unali mlandu, kusiya mbuzi ipitirize unalinso mlandu. Kuseka ndiye musanene. Mphunzitsi mnzanga, mayi Namusukwa, analuma mlomo mpaka misozi mbwembwembwe. Ine mantha, thukuta kamukamu, ndikudziona kale ndili kumbuyo kwa galimoto ya apolisi, ntchito itatha.

Kenaka chimkuzamawu chinatsokomola, kunamveka fungo la zopserera, basi zii. Anthu anamalizitsa nyimboyo pakamwa.

"Asambizgi, zani kuno," anandiitana a Simkonda m'chinenero chakwawo. "N'chivichi ichi? Mukunyoza boma?"

"Ayi bwana, si ine. Ndi wailesiyi. Njakunja, ya ku Tanzania."

(Inde, ndinaipereka ndekha, yosalakwa.)

A Simkonda anainyamula, kuitembenuza, kuisisita ngati mwana wakhanda.

"Ndiye chifukwa chake. Yakuwalo yingamanya wuli nyimbo yithu? Yakunja ingaidziwe bwanji nyimbo yathu? Anyamata, itengeni tikaifufuze."

"Yewo chomene, bwana," ndinathokoza.

Ntchito inapulumuka, ngakhale bambo mfumu sanandibwerekenso kanthu, ndi kandulo yomwe. Za mabowo ndinaphunzira ndithu, kungoti ndinalibenso choti ndilowetsemo. Kufufuzako sikunathe mpaka ndinasamutsidwa. Ndikamadutsa pakhomo pa a Simkonda ndinkaimva wailesi yanga ili pakhonde, ikuimba bwinobwino, osaphonya ndi pang'ono pomwe.