Chala Changa Chalowa Ndale

Lolemba

Andichotsa chikhakha lero kuchipatala. Dzanja latuluka lofota, lotuwa, fungo lake ngati nsapato ya kondakitala. Mafupa aja ndinathyola nditaterereka pampopi akuti alumikizana. Zikomo. Koma chala chamkombaphala chaima njo! Kupinda ayi. Adokotala akuti, "Agogo, opareshoni siyofunika. Muziviika m'madzi ofunda, muzifinya kampira. Chidzafewa, koma zimatenga miyezi." Miyezi! Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Esinati, mdzukulu wanga amene ndalera ndekha. Chala ichi chipinde lisanafike Loweruka, basi.

Lachiwiri

Mu minibasi ya ku Area 25 ndakweza dzanja kuti nditsike. Wina kumbuyo: "Agogo, za chipani chimodzi zinatha! Tsitsani chala!" Minibasi yonse phwete. Ine ndale ndinazidziwira kuti? Ndikutsika ndiye ndakumbuka. Akuchimuna ndi a kumpoto, a matipate enieni, okweza zala ziwiri. Bambo a mnyamata wa Esinatiyo anagonapo m'ndende nthawi ija. Ndikawalonjere ndi chala chimodzi m'mwamba? Mayo ine. Angoti banja ili ndi la aja, n'kunyamuka.

Lachitatu

Zimene ndayesa:
madzi ofunda, chala changoyera;
kampira, ana a aneba athawa nako, akuchitira fulaye;
mafuta a nsatsi a anzanga Mayi Nachisale, ntchentche zokha ndi zimene zakondwa;
kuchikhalira. Nzeru za Nachisale yemweyo. Ndakuwa mpaka agalu a ku Mgona ayankha.
Chala chili njo.

Lachinayi

Ndabwerera kuchipatala. Anamwino andikalipira ngati mwana: "Mukachikakamiza muthyolanso, amayi." Achimangirira ndi bandeji ku chala chapakati, ati chiziphunzira kupinda kwa chinzake. Ndayang'ana dzanja: zala ziwiri tsopano! Mu minibasi anyamata andipatsa mpando wakutsogolo. Akuchimuna abwere, ndawakonzekera.

Lachisanu

Afika achimwene anga ochokera ku Dedza, nkhoswe ya Esinati. Ndinaiwala kuti iwo ndi a chala chimodzi mpaka kumanda. Asanakhale n'komwe: "Mlongo, m'tauni muno akugulani? Zala izo zili choncho ine pampando wa unkhoswe sindikhala." Ndamasula. Esinati misozi: "Agogo, mangani chonde, apongozi anga akaona!" Ndamanga. Achimwene anyamula chikwama. Ndamasula. Kumanga, kumasula, bandeji yada bii, mbuzi ya phwando sinasendedwe. Ndatopa ine.

Loweruka

Ndakulunga dzanja lonse m'chitenje, ndaliika pamiyendo. Aliyense aziganiza zimene akufuna. Zonse zikuyenda bwino. Ankhoswe asinthana tambala ndi msoti. Esinati wagwada, wokongola ngati malemu mayi ake. Mtima wandithawa. Ndaimirira, nthungululu, dzanja m'mwamba, chitenje pansi, chala chimodzi njo!

Zii. Ngakhale wailesi imene imaimba aizimitsa.

Achimwene okha akuwomba m'manja, chitsiru cha munthu. Bambo a mnyamata avala chipewa: "Amama, mwatiitanira msonkhano wa chipani?" Akazi awo ayamba kufunafuna nsapato. Esinati wagwira pakamwa.

Ndapita pomwepo, ndawapatsa dzanja. "Pindani nokha, bambo. Mukachipinda, mbuzi yonse ndi yanu." Ayesa ndi dzanja limodzi. Ayesa ndi awiri, mkulu wa mpingo wathunthu, thukuta kamukamu. Ndakuwa. Avula chipewa, akhala pansi. "Pepani amama, ichi ndi chachipatala." Wailesi ayatsanso.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Chala chatupa ngati chinangwa, chikadali njo. Anamwino akandimaliza mawa. Kumanga mpango sindingathe, kupeta sindingathe, kulemba kumene ndikugwira pensulo ngati mpeni. Mwina chidzafewa, mwina ndidzapita nacho m'bokosi chikuloza abusa.

Ukwati ulipo, mvula ikatha. Mbali zonse ziwiri zakhala pansi m'mawa uno, kwa nthawi yoyamba zagwirizana chinthu chimodzi: tsiku la ukwati ine ndidzanyamula khanda m'manja, kuchokera kutchalitchi mpaka kuholo, osalitula. Ndafunsa kuti khanda la yani. Akuti abwereka.