Maukonde a Eni Ake pa Doko la Durban

Anzanga, wandipha ine ndi ulemu. Ndakhala ndikusesa ndi kudula kapinga kwa a Naidoo ku Bluff zaka zitatu, ndiye tsiku lina abwanawo anandiuza kuti akufuna munthu wowathandiza paboti lawo lokawedzera, ntchito yokhazikika, osati maganyu a masiku awiri pa sabatawa. Anandifunsa ngati madzi ndimawadziwa. Ine mwana wa ku Kachulu, wokulira pa Chilwa, kundifunsa za madzi? Ndinati abwana, bwato ndinayamba kupalasa ndisanayambe sukulu. Iwo anati sharp, Loweruka tikakuyese, ukalephera nditenga wina.

Loweruka m'mawa tinanyamuka bwinobwino, ndipo titafika pakati pa doko abwana anandisiyira chiwongolero, iwo n'kupita kumbuyo kukakonza nyambo. Anangoti, "Yohane, uzitsata njira."

Njira pamadzi? Ndinangovomera kuti yebo. Kutsogoloku ndinaona timigolo toyandama titandandalika, tina tofiira, tina tobiriwira. Tsono kwathu ukaona chigubu chikuyandama umadziwa kuti pansi pali ukonde wa munthu, ndipo ukaudula ndi mlandu woti mbuzi ituluka m'khola. Mumtima ndinati asodzi a kuno ndi olemera ndithu, mpaka zigubu zopaka penti, koma ine mlendo sindiputa eni dziko. Ndinakhotetsa boti mwaulemu, n'kuyizemba migolo yonse ija, kuyisiya kutali uko, ndikudzitama kuti abwana aona okha kuti apeza katswiri.

Chapatsogolo ndinaona mbalame zitaima pamadzi, kuima ndithu ndi miyendo, ndipo munthu wanzeru akanadzifunsa kuti zaponda pa chiyani. Ine ndinangoti mbalame za ku Joni n'zochenjera. Posakhalitsa boti linangoti khwee, n'kuima, chidebe cha nyambo n'kukhuthukira pamiyendo pa abwana. Ndi mantha ndinaganiza kuti tabooka, tikumira, ndiye ndinalumphira m'madzi ndikukuwa m'Chichewa chomwe ndimabisa pa teksi ya ku Umlazi: "Mayo ine, ndafa!" Madzi ake? Olekeza m'mawondo.

Ngati kuti sizinakwane, boti la alendo linkadutsa pakati pa migolo ija, anthu mafoni m'mwamba kundijambula, ndipo mkulu wina wa kwathu wogwira ntchito momwemo anafuula kuti, "Achimwene, moni wa kumudzi! Mwatsikira pa siteji iti?" Manyazi amene ndinamva, ndikanakonda madziwo akanakhala akuya.

Abwana sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anangondifunsa chimene ndathawira njira. Nditawafotokozera za maukonde anakhala pansi, kuseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati migoloyo ndiyo msewu, pakati pake ndi pakuya, kunja kwake ndi mchenga. Pochokera kunyanja yaikulu wofiira ukhale kumanzere, wobiriwira kumanja, ndipo potuluka zimasinthana. Anaonjeza kuti madzi ayamba kuphwa, tikachedwa pang'ono tiswera pamchengapo mpaka madzulo, ndipo za ntchito ndiiwale.

Apa ndiye Chilwa chinadzuka mwa ine. Kwathu madzi ndi osaya, kutitimira m'matope ndi nkhani ya tsiku lililonse, timayendetsa bwato ndi nsungwi. Ndinati abwana, zimitsani injini muyikweze, inu ndi katundu yense mupite mbali imodzi. Ndinayenda mozungulira ndikufufuza ndi mapazi kumene pansi pakutsetsereka, ndinalowetsa phewa kunsi kwa boti, kugwedeza, kukankha, kugwedezanso, mpaka ndinamva likumasuka. Ndinadumphiramo, n'kutenga ndodo yaitali yokokera chingwe imene inali m'botimo kumakankhira pansi ngati ndili pa Kachulu, ndipo taonani tayandama. Abwana anangoti eish, n'kundipatsanso chiwongolero.

Pobwerera ndinadutsa pakatikati penipeni, pakamwa pakungoyenda ngati mwana woloweza vesi la Sande sukulu: wofiira kumanzere, wobiriwira kumanja. Titamangirira boti, abwana anandigwira chanza n'kunena kuti migolo angaphunzitse aliyense, koma munthu wochotsa boti pamchenga ndi phewa sanamuonepo. Ntchito ndinaipeza, anzanga, ndipo ndinakwera teksi buluku lili lonyowa koma chifuwa chili patsogolo.

Mayi a kunyumba atamva nkhaniyi anandipaka kyuteksi wofiira pachala chachikulu chakumanzere kuti ndisadzaiwale, ndipo ndinayenda naye sabata yathunthu, ngakhale pa msika wa Warwick pomwe, dzanja lili m'thumba. Lero migolo yonse ya padoko ndimaidziwa, ngakhale yachikasu ndi chakuda yochenjeza za malo oopsa. Koma ndinalumbira kuti sindidzapatsanso ulemu ukonde umene sindinauone, ndipo ndikadzaona mbalame itaima pamadzi, ndidzakhota osaifunsa kuti yaponda pa chiyani.