Tsiku Lomwe Ndinamwetsa Apongozi Mankhwala a Nsabwe za Kabichi

Pali zinthu zomwe mkamwini sayenera kuchita ngakhale kumaloto. Ine ndinachita chimodzi mwa izo dzuwa likuswa mtengo.

Kuseri kwa nyumba yathu ku Nkhorongo ndili ndi kadimba ka kabichi ndi repu. Chaka chatha nsabwe za m'masamba, zotuwa zija zimaunjikana kunsi kwa tsamba n'kumaliyamwa mpaka lipiringizike, zinandisowetsa mtendere. Mnzanga wa kuofesi anandiuza kuti ndisinje tsabola wa kambuzi, ndisakanize ndi phulusa ndi sopo m'madzi, zigonere, kenako ndiwaze. Ndinaterodi, n'kuthira m'chigubu cha mafuta ophikira, n'kuika pakona kukhitchini (pomwe mayi akunyumba amaika thobwa, m'chigubu chofanana ndendende, koma nzeru zanga zinali patchuthi).

Mawa lake apongozi aakazi anatulukira kuchokera ku Ekwendeni, mwana wawo ali kumsika. Ine wa ku Dedza ndinafuna kuonetsa kuti ndinaleredwa. Ndinatenga chigubu, kukhutchumula bwinobwino monga timachitira ndi thobwa, n'kudzaza kapu yaikulu ija ya alendo. Thovu linali lambiri, ine mumtima n'kumati koma thobwa ili lapsa bwino. Ndinagwada, kupereka ndi manja awiri, maso pansi.

"Yewo chomene, akweni," anatero apongozi, kuthokoza mkamwini wawo m'chiyankhulo cha kwawo.

Poti apongozi sitiwayang'ana kumaso, sindinaone kanthu. Ndinangomva kukhosi kwawo kukulira kawiri.

"Akweni," anatero ndi mawu osasa, akunena za thobwa, "kwanu ku Dedza chindongwa mumathira tsabola?"

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Misozi inali chuchuchu, thovu lili pamlomo, koma mayi aja anali atagwirabe kapu mwaulemu, akufuna kumaliza kuti asandichititse manyazi. Ndinawalanda kapuyo (inde, ndinalanda chinthu m'manja mwa apongozi) n'kuthamangira madzi ndi mkaka.

Akazi anga anatipeza amayi awo akutsuka m'kamwa pakhonde, ine ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

"Bambo, mwawapatsa chiyani amama?"

"Za kabichi zija," ndinayankha chapansipansi.

Madzulo, ndili ndi mkwiyo, ndinakawaza zotsalazo m'dimba. Mankhwala omwe anagoneka apongozi tsiku lonse, nsabwe sizinawamve n'komwe.

Apongozi anandikhululukira, amabwerabe. Koma ndikawapatsa ngakhale madzi, amamwetulira n'kunena kuti, "Yambani ndimwe, akweni."